Za Moto wa ku Joni ndi Mlandu wa Mwini Nyumba

Pali mau amene timakonda kunena pamaliro, ndiwo akuti tsoka silinunkha. Mauwa ali ndi malo ace, pakuti mphezi ikakantha munthu m'munda palibe womfunsa mlandu. Koma nditsutsana nao amene afunditsa mau omwewa pa imfa iri yonse, ngakhale imfa imene inaonekera patali, anthu naicenjeza, eni ace naikhalira cete. Tiyeni tiyese mauwa ndi nkhani ya moto wa ku Johannesburg, mzinda uja tiucha Joni, kumene ana athu ambiri agona m'nyumba za lendi.

Usiku wakucera pa 31 August 2023 moto unabuka m'nyumba yosanja kasanu yochedwa Usindiso, pa mseu wa Albert, m'dera la Marshalltown. Anafa anthu 76, ndipo 12 mwa iwo anali ana. Ambiri anali alendo ocokera ku maiko ena, ndi a ku Malawi kuno analipo osati owerengeka. Ena anapsa kotero kuti abale ao sanathe kuwazindikira. Ena anafa polumpha pa mazenera.

Mwini nyumbayo ndiye boma la mzinda wa Johannesburg. Anaimanga m'caka ca 1954 kuti anthu akuda azilandiriramo mapasi m'masiku a tsankho. Pambuyo pace inakhala pothawira akazi ozunzidwa ndi ana ao. Nchito imeneyo italekeka, analowamo anthu aciwembu opanda kalata ya umwini, nayamba kusonkhetsa lendi. Anagawa zipinda ndi matabwa ndi zina zosacedwa kuyaka, kuti alowetsemo anthu ambiri ndi kucurukitsa ndalama. Njira zothawira zinatsekeka, zozimira moto zinacotsedwa, zinyalala zinaunjikana. Okhalamo, poopa akuba, ankatseka zipata zacitsulo usiku. Ndipo utsi utadzaza nyumba, anthu anathamangira kucipata napeza cotseka.

Boma linaika bungwe lofufuza, mtsogoleri wace woweruza wopuma nchito, Mai Sisi Khampepe. Mu January 2024 munthu wina anaima pamaso pa bungwelo nanena kuti ndiye anayatsa motowo. Pomwepo kukadakhala kosabvuta kunena kuti wocimwa wapezeka, mlandu watha. Koma mu May 2024 bungwelo linanena kuti boma la mzinda liri nao mlandu, popeza linadziwa za kuipa kwa nyumbayo kuyambira 2019, ndipo silinasunge malamulo ace omwe a moto, a madzi ndi a ukhondo.

Ine ndiyesa kuti ciweruzo ici ncolungama, ndipo cifukwa cace ndi ici. Moto ubuka m'nyumba zambiri: nyali igwa, mbaula igubuduka, mwana asewera ndi macesi. Koma pamene pali khomo lotseguka anthu aturuka, alira katundu wao, nakhala ndi moyo. Woyatsa moto asenze mlandu wace wonse. Koma kuti akufa afike 76, kunacitika ndi khomo lotsekeka ndi matabwa aja, ndipo izi zinakhala poyera zaka zinai. Tsoka limeneli linanunkha ndithu, koma mwini wace anatseka mphuno.

Cilamulo ca Mose cisiyanitsa bwino zinthu ziwirizi. Pa Eksodo 21 tiwerenga za ng'ombe yopha munthu ndi nyanga. Ikacita ici modzidzimutsa, mwini wace samuyesa wopalamula. Koma ngati inazolowera kutunga, ndipo anamuuza mwiniyo, iye osaisunga, mlandu wa mwazi uli pa iye. Ng'ombe ndi imodzimodzi, imfa ndi imodzimodzi. Cosiyanitsa ndico cenjezo. Pa Deuteronomo 22 womanga nyumba yatsopano alamulidwa kuchinga tsindwi lace, kumene anthu a dziko lija ankakhalako, kuti wina angagwe. Taonani, lamulo silinena kwa mlendo kuti ayende mocenjera. Linena kwa mwini nyumba.

Wina adzati, Nanga iwowa sanaone kuipa kwa nyumba asanalowemo? Anaona. Koma munthu wogulitsa malonda pamseu, wolandira pang'ono, wofunikanso kutumiza kanthu kumudzi, sasankha nyumba monga asankha nsaru m'sitolo. Ndiponso ena analibe makalata a cilolezo ca kukhala m'dzikomo, ndipo kukadandaula kwa akuru a boma kukadakhala kudzipereka okha kwa apolisi. Osonkhetsa lendi anadziwa mantha amenewa, nadya nao. Winanso adzati, Lendi yace inali yocepa. Lendi yocepa igula cipinda cocepa. Sipatsa munthu ufuru wa kuika mnzace m'msampha.

Tsono tisaloze cala ku Joni kokha. Kumeneko mwini kalata anali wina, wolandira ndalama anali wina. Kuno kwathu kawiri kawiri ali munthu mmodzi, ndipo nthawi zina akhala nafe pa mpando umodzi tsiku la Sabata. Ena a ife, titagulitsa fodya kapena titalandira ndalama za ana athu a kunja, tamanga mizere ya zipinda pa malo a malonda, kapena ku Ndirande, ku Mtandire ndi ku Chinsapo. Kumanga nyumba ya lendi si cimo. Ndi nzeru yabwino. Koma tidzifunse. Kodi khoma la zidina lija linang'ambika dzinja latha talikonza, kapena tangomata dothi pamwamba kuti mng'alu usaoneke? Kodi mabanja angati alowa m'cimbudzi cimodzi, ndipo mitengo yace yoyala pansi siinabvunde? Kodi nthambo za magetsi anaika ndi mmisiri wodziwa? Nthenda ya kolera imene inayamba mu 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo nthendayi iyenda ndi madzi oipa ndi zimbudzi zosefukira. Mwini nyumba wofika tsiku loyamba la mwezi osacedwa, koma wosowa pamene denga lidontha, afanana ndi mwini ng'ombe uja anamuuza.

Kwa inu okhala m'nyumba za eni, ndi kwa makolo amene mudzalembera ana anu, ndinena izi. Musanalipire, yang'anani poturukira, ndipo mufunse kumene mfungulo ya cipata igona usiku. Mukaona coopsa, nenani msanga, ndipo musanene mmodzi mmodzi, pakuti wonena yekha amturutsa mawa lace. Mutu umodzi susenza denga. Lembani dandaulo lanu pa kalata, ndi tsiku lace, ndi maina anu nonse, ndi kusunga inzace. Akapanda kumva, pitani kwa mfumu ya malowo kapena ku khonsolo. Kalata yotere icotsa pothawira pa munthu wakuti sindinadziwe. Ndipo ngati khoma lapendekeka, cotsani ana anu lisanagwe, ngakhale mutaye lendi ya mwezi.

Kwa akuru a Mpingo ndiri ndi funso limodzi. Tiitana ku bwalo Mkristu woledzera ndi wacigololo, ndipo ticita bwino. Koma ndani anamva kuti tafunsa Mkristu cifukwa ca cimbudzi ca alendi ace? Tilandira copereka cace ndi kuyamika, osafunsa ngati ndiyo ndalama imene ikadagula malata. Akuru oyendera Akristu m'midzi ayendere ndi nyumba zao za lendi zomwe, nalankhule nao mwacikondi nthawi ikalipo. Mvula isanagwe caka cino, yense wa ife wakukhala ndi nyumba yogonamo ana a mnzace alowemo yekha, ayang'ane khoma ndi denga ndi khomo, nadzifunse ngati akadagoneka mdzukuru wace momwemo.