Diso la Wotolera: Mangochi ndi Mua

Mfuti yaikulu yomwe ili pafupi ndi nsanja ya wotchi pa boma la Mangochi inachokera pa Guendolen, sitima yomwe inakawononga sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, mu Ogasiti 1914. Chapafupi pali Lake Malawi Museum, m'nyumba yomwe kale inali kalabu ya azungu, Gymkhana. Mbiri ya nyanja ilimo ndithu, koma ya sitima ndiyo imamveka kwambiri. N'zosadabwitsa. Oyamba kupereka zinthu ku nyumba zosungiramo zakale m'dziko muno anali atsamunda ndi mabungwe awo, monga Nyasaland Society ya 1946, ndipo anapereka zomwe iwo ankaziona zamtengo. Chitsulo chinapulumuka, bwato losemedwa ndi msodzi linaolera padooko.

Mukadutsa msewu wa Golomoti n'kufika ku Mua, m'munsi mwa mapiri a Dedza, mupeza diso lina. Ansembe a White Fathers anayesa kukhazikika kwa Mponda mu 1889, analephera, n'kudzatsegula mishoni ya Mua mu 1902. Kwa zaka zambiri mishoniyi inkalimbana ndi nyau. Lero pamalo omwewo pali Chamare Museum, momwe muli zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400. Anazitolera ndi Bambo Claude Boucher a ku Canada, omwe anafika m'dziko muno mu 1967, nayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976. Anthu anawapatsa mfunda wa Chisale.

Luso la wosema chigoba ndi la munthu wodziwa kuti ntchito yake idzaonedwa patali, m'fumbi, ikuzungulira. N'chifukwa chake sachita manyazi ndi mpeni. Chadzunda amamupatsa nkhope yakuda, makwinya akuya ndi mano otha, kuti wakumapeto kwa bwalo adziwe kuti mwini mudzi wafika. Simoni amamufiiritsa ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Maliya nkhope yake ndi yosalala, yofatsa, koma kufatsako kumasanduka nthabwala chiuno chikayamba kuduka. Wosema amasiya dala theka la ntchito kuti alitsirize wovina, woimba ng'oma ndi amayi oyankha nyimbo. Chigoba chopachikidwa pamtengo m'chipinda ndi theka lokhalo.

Apa ndi pomwe a Boucher anaposa otolera ambiri. Sanangonyamula mitengo yosemedwa. Analemba dzina la chilombo chilichonse, nyimbo yake, kavinidwe kake ndi mwambo umene chimatulukira, ndipo zambiri zinalowa m'buku lawo la 2012, When Animals Sing and Spirits Dance. Ku Ulaya kuli zigoba za ku Africa zankhaninkhani zongolembedwa mtundu ndi dziko basi. Za ku Mua zili ndi nkhani zake.

Komabe diso la munthu mmodzi lili ndi malire. Choyamba, nyumba yotere imakondera mtengo. Zilombo zoluka monga Kasiyamaliro, zomangidwa ndi nsungwi, udzu ndi makoko a chimanga, mwambo wake ndi wozitentha zonse zikatha, choncho woluka, yemwe luso lake ndi lalikulu kuposa la osema ambiri, saonekera mokwanira. China n'chakuti wansembe amamva phunziro m'chilichonse. Mafotokozedwe a ku Mua amakokera ku chilangizo: uyu akudzudzula ulesi, uyo chiwerewere. Nzoona, gule ndi mwambo. Koma amene anaimapo pabwalo akudziwa kuti muli chipongwe, zolaula ndi phwete losafuna tanthauzo, ndipo wosema amakhotetsa mphuno nthawi zina kuti anthu angoseka. Palinso madandaulo a akuluakulu a kudambwe, oti za kumanda sizoonetsa osameta. Funso limeneli silinathe ngakhale UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005.

Chamare ili ndi chipinda cha Angoni ndi Ayao, koma mtima wake uli pa Achewa. Ndiye luso la kumwera kwa nyanja likhale kuti? Mikanda yovala anamwali, zifanizo zadothi zoumbidwa pa unyago, mikeka ya mlaza, kasemedwe ka bwato la ku Malindi kapena ku Chembe, zonsezi zili ndi amisiri odziwa chifukwa chomwe mzere uwu wapindikira chonchi.

Pempho langa likupita ku nthambi ya boma yoona za nyumba zosungiramo zakale ndi kwa mafumu a m'boma la Mangochi. Tolerani amisiri akadali moyo, muwalipire, mulembe dzina la wopanga, mudzi wake ndi mawu ake pambali pa chinthucho. Mabanja omwe asunga zinthu za agogo awo angapereke mosavuta ataona dzina la gogoyo litalembedwa.