Masamu a zachuma amafunanso chilankhulo

Wofuna kuchita mestrado kapena doutoramento ya zachuma, makamaka ku America ndi ku Ulaya, amauzidwa kuti abwere akudziwa calculus, linear algebra ndi statistics, ndipo akakhalanso ndi real analysis mwayi wake umakula. Ambiri amamulozera buku la Carl Simon ndi Lawrence Blume, Mathematics for Economists, la 1994. Bukulo ndi labwino, sindikutsutsa. Chondidandaulitsa n'chakuti malangizowa amawerenga maphunziro ngati matumba a chimanga, osamasula n'limodzi lomwe.

Mu real analysis wophunzira amatsimikizira mfundo ndi mawu. Ayenera kusiyanitsa "zonse" ndi "zina", "ngati" ndi "pokhapokha ngati". Mwana wa ku Angónia amene anaphunzira masamu poloweza Chipwitikizi chimene sankachimva akhoza kupeza yankho lolondola, koma mukamufunsa kuti lachokera kuti amangoti duu. Pofika ku yunivesite, chizolowezi chimenechi chimakhala chitamera mizu.

Ku Tete ana anayamba kuphunzira m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi mu 1993, nthawi ya PEBIMO. Ofufuzafe tiziwafunsanso ana oterewa, m'Chinyanja momwemo, chifukwa chake 3 × 4 ndi 4 × 3 zimafanana.