REPLACE ndi mafuta a trans: uphungu wabwino umene sunafike pamsika wa Namitambo

Mu May 2018 bungwe la WHO linatulutsa ndondomeko yotchedwa REPLACE, yofuna kuthetsa mafuta a trans opangidwa m'mafakitale pofika 2023. Ndondomekoyi ili pa maziko olimba a sayansi, koma mlangizi wa zaumoyo wa ku Namitambo sapezamo zambiri zoti akauze anthu.

Nkhani yonse yagona pa dzinali. Maatomu awiri a kaboni akamangana pawiri, sangathenso kuzungulira pamalopo. Maatomu a haidrojeni a pamfundoyo akakhala mbali imodzi, akatswiri amati cis, ndipo molekyu imakhota. Akakhala mbali zosiyana amati trans, ndipo molekyu imawongoka. Malamulo a IUPAC amagwiritsa zilembo Z ndi E, zochokera ku mawu a Chijeremani otanthauza pamodzi ndi moyang'anana. Asidi wa oleic, wochuluka m'mafuta a mtedza, ndi asidi wa elaidic ali ndi maatomu ofanana ndendende, makaboni 18 aliyense. Woyamba ndi 9Z ndipo amasungunuka pa madigiri pafupifupi 13. Wachiwiri ndi 9E, amafuna madigiri oposa 40. Zili ngati nkhuni: zowongoka zimagwirana pamtolo, zokhota zimasiya mipata. M'thupi, mafuta a trans amakweza kolesterolo woipa wa LDL ndi kutsitsa wabwino wa HDL.

Mphamvu ya REPLACE ndi yakuti ikuloza gwero lenileni, lomwe ndi mafakitale olimbitsa mafuta amadzi powathira haidrojeni pang'ono, monga ankapangira majarini ambiri. Ikupempha malamulo, ndipo muyezo umene WHO imalimbikitsa ndi wosapitirira magalamu 2 pa magalamu 100 a mafuta. Denmark inayamba mu 2003, South Africa inatsatira mu 2011.

Kufooka kwake n'kwakuti mfundo zake zisanu ndi imodzi zimadalira malabotale, oyendera mafakitale ndi zolembedwa pamapaketi. Pamsika wa kumudzi mafuta ophikira amagulidwa moyeza m'timapepala tapulasitiki topanda chizindikiro, ndipo mandasi kapena tchipisi cha pachiwaya sizibwera ndi pepala. Ndondomekoyi imatchula zodziwitsa anthu, koma kamasuliridwe kake imasiyira ena. Mu Chichewa mawu ndi amodzi, mafuta, choncho uthenga wosakonzedwa bwino ungachititse mayi kuopa nsinjiro ndi mapeyala, zomwe mafuta ake ambiri ndi a cis ndipo ana amazifuna. Mafuta ophikira ogulitsidwa m'Malawi amawonjezedwanso vitamini A, kotero kuwasala onse n'kutaya phindu.

Ku Chiradzulu nkhaniyi ndi yofunika kwambiri. Bungwe la MSF linayamba kupereka ma ARV m'bomali mu 2001, ndipo ambiri amene anayamba kumwa nthawi imeneyo akukalamba tsopano, msinkhu umene matenda a mtima amachuluka.

Alangizi ndi mavolontiya angathe kunena zinthu zitatu zomveka: posankha, mafuta amadzi aposa olimba a kufakitale, paketi yolembedwa kuti partially hydrogenated ndi yoyenera kuipewa, ndipo mafuta okazingira mobwerezabwereza mpaka kuda atayidwe, ngakhale kuti vuto lake lalikulu ndi zinthu zina zowonongeka, osati trans yekha. Zotsalazo ndi ntchito ya opanga malamulo ndi oyeza zakudya, ndipo pamenepo REPLACE ikunena zoona.