Maluwa a golide pa dziko la platinamu

Ndakatulo ya William Wordsworth imene ambiri amaitchula kuti "Daffodils" ili ndi mbiri yoti ndi yofewa, yoyenera ana a sukulu. Munthu akuyenda yekha m'mbali mwa nyanja, akuona maluwa akugwedezeka ndi mphepo, ndipo masiku ena akakhala phee pa mpando wake maluwa aja amamubwerera m'maganizo n'kumusangalatsa. Nkhani yonse ndi imeneyo, m'ndime zinayi za mizere isanu ndi umodzi. Koma iwerengereni ku Rustenburg, pakati pa milu ya zinyalala za m'migodi ya Impala ndi Sibanye-Stillwater, mudzamva kuti ikukamba za chuma, ndi za amene ali ndi mpata wochisunga.

Taonani zifanizo zake. Maluwawo sakuwatcha achikasu, akuwapatsa mtundu wa golide. Kenako akuwawerenga: 10,000 pa kuyang'ana kumodzi. M'ndime yachitatu akuvomera kuti pa nthawiyo sanazindikire kukula kwa chuma chimene anapata, ndipo ndime yomaliza ndi nkhokwe imene amatapamo akasungulumwa. Ubwino weniweni wa ndakatuloyi uli pomwepa, chifukwa mlakatuli wakolola munda wonse osathyola duwa ngakhale limodzi. Munthu wogwira ntchito pansi pa nthaka amadziwa chuma cha mtundu wina, chimene umaphwanya tani ya mwala kuti upeze magalamu ochepa, ndipo pamene wachotsapo sipameranso kanthu.

Kayendedwe ka mizere kakugwirizana ndi mtendere umenewu. Pafupifupi mzere uliwonse uli ndi maphatikizo asanu ndi atatu, lopepuka kenako lolemera, kanayi. Ndi mapazi a munthu woyenda wopanda womudikira. Mizere iwiri yotsiriza ya ndime imatha ndi liwu lofanana, ngati munthu waima kuti apume. Chichewa sichiyenda choncho. Ife timatalikitsa phatikizo lotsatana ndi lomaliza, kotero mzere wathu umatha motsetsereka pamene wa Wordsworth umatha moponda. Komanso mawu athu onse amathera pa lembo la liwu, ndiye kufananitsa mathero a mizere n'kotchipa kwa ife. Womasulira amene angakakamire zimenezi adzatulutsa nyimbo ya masanje.

Nanga mtendere wa mapaziwo unachokera kuti? Maluwawa anawaona pa 15 Epulo 1802 ku Ullswater, ndipo sanali yekha. Anali ndi mchemwali wake Dorothy, amene analemba za tsikulo m'buku lake la tsiku ndi tsiku. Iye anaona mphepo yaukali, anaonanso maluwa ena atatsamira mitu pa miyala ngati anthu otopa. Pamene ndakatulo inkasindikizidwa mu 1807, Dorothy anali atachotsedwamo, mphepo itafewa, ndipo maluwa otopa aja atasowa. Onse otsala akuvina. Ndi luso ndithu, popeza kusungulumwa kwa mzere woyamba kukanafooka pakanakhala anthu awiri. Koma m'maso mwanga duwa lotsamira pamwala ndi chifanizo champhamvu kuposa nyenyezi za m'ndime yachiwiri imene anawonjezera mu 1815. Nyenyezi aliyense angaziganize ali m'nyumba.

Mpando uja nawonso unali ndi mtengo wake. Mu 1795 mnzake Raisley Calvert anamusiyira mapaundi 900, ndalama zimene zinamuthandiza kukhala mlakatuli osalembedwa ntchito. N'chifukwa chake m'ndime yomaliza kukhala wekha kukumveka ngati dalitso. Mtchona wogona m'chisakasa cha malata ku Nkaneng, mkazi ndi ana ali ku Mzimba kapena ku Mangochi, amatsekanso maso n'kuona za kwawo. Njira ya maganizo ndi yomweyo, ndipo ndakatuloyi imaifotokoza bwino kwambiri. Kusiyana n'koti zimene iye akuona zimamufunsa ndalama ya fetereza.

Pali liwu limodzi lofunika kulisamala. Mlakatuli akutcha maluwawo khamu. Kuno liwu limeneli limakumbutsa phiri la ku Marikana, pamene apolisi anawombera ndi kupha anthu 34 pa 16 Ogasiti 2012, ogwira ntchito ku Lonmin akufuna malipiro a R12,500. Si bwino kumusenzetsa Wordsworth zimenezi, iye khamu lake ndi losangalala basi. Komabe wowerenga sangatseke khutu lake.

Duwa la m'mapiri a Magaliesberg, pamwamba pa migodiyi, ndi lina. Ndi mtundu wa alovera wa kutchire wotchedwa Aloe peglerae. Limamera pa miyala, masamba ake aminga amapindikira mkati ngati chibakera, ndipo ngakhale mphepo iwombe bwanji silivina. Limatulutsa ngala yofiira m'nyengo yozizira, mu Julayi ndi Ogasiti.