Za Maulendo Ojambula Nyama m'Nkhalango ya Kasungu

Pali ulendo wina umene makolo athu sanaudziwe, koma masiku ano watchuka ndithu. Munthu achokera kutali, ku Ulaya kapena ku America, nalipira ndalama zambiri kuti adzagone masiku owerengeka m'nkhalango yosungiramo nyama. Sanyamula mfuti kapena uta, koma kamera ya diso lalitali ngati munsi. M'mamawa akwera galimoto yopanda denga pamodzi ndi womtsogolera, munthu wodziwa mapazi ndi makhalidwe a nyama, ndipo akapeza njovu kapena mphalapala aijambula, naisiya yamoyo. Zithunzi zake ndizo tiziona pa makalendala, m'timabuku toitanira alendo ndi pa intaneti. Nkhani iyi ikhudza kwambiri anthu a ku Kasungu, pakuti kumadzulo kwa minda yawo ya fodya kuli nkhalango yotere, yachiwiri kukula m'Malawi pambuyo pa Nyika. Tsono tiyeni, owerenga athu, tiyese maulendo awa ndi zithunzi zake, tione chimene zinena zoona ndi chimene zibisa.

Tiyambe ndi kuyamika, pakuti ntchito yojambula nyama si yamasewera. Nkhalango ya Kasungu ndi ya miombo yothinana, ndipo nthawi ya dzinja udzu utalika kuposa munthu, kotero kuti njati ingathe kuima pafupi osaoneka. Nyama zioneka bwino m'chilimwe, kuyambira Ogasiti kufikira Novembala, pamene udzu wapsa, timitsinje taphwa, ndipo zamoyo zonse zitsikira kumadambo ndi ku damu la Lifupa, kumene kukhala mvuu. Dzuwa la masana liwononga chithunzi. Chifukwa chake wojambula afuna kuwala kofatsa kwa m'mawa ndi kwa madzulo. Womtsogolera ayenera kuyang'anira kumene mphepo ichokera, popeza njovu siona patali koma inunkhiza ndi kumva msanga. Onse awiri akhala chete nthawi yaitali, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu wokhoza kudikira chotere kuti aone kukongola kwa nyama, osaikhumbira nyama yake kapena minyanga yake, sitingamnyoze.

Ndiponso kamera iposa mfuti kutali. Njovu yowomberedwa ilemeretsa munthu mmodzi kamodzi kokha, koma njovu yojambulidwa ingathe kuitana alendo chaka ndi chaka, popeza ikhala ndi moyo zaka 60 kapena kuposerapo. A ku Kasungu adziwa chimene mfuti inachita. M'zaka za m'ma 1970 m'nkhalangomo munali njovu zoposa 1,000. Pofika 2015 zinatsala ngati 50 zokha, zambiri zitatha ndi opha nyama mozemba. Amene afuna kuti njovu zikhalepo kuti azijambule ali kumbali yabwino pa mlandu umenewo.

Koma chithunzi chili ndi malire anayi, ndipo wojambula ndiye asankha cholowa ndi chotsala kunja. Apa ndipo pali chifukwa chathu choyamba. Zithunzi izi pafupifupi zonse zionetsa dziko lopanda munthu, ndipo timabuku toitanira alendo tikonda kunena za tchire limene phazi la munthu silinapondemo. Za Kasungu mawu otere si oona. M'kati mwa nkhalangoyo munali midzi. M'chaka cha 1922 boma la atsamunda linasamutsa anthu chifukwa cha nthenda ya kaodzera, imene ifala ndi ntchentche ya kashembe, nilisandutsa dzikolo nkhalango ya boma. Mu 1930 linakhala malo osungira nyama, ndipo mu 1970 linakwezedwa kukhala paki ya dziko lonse. Mpaka lero m'menemo muli ng'anjo m'mene akale anasungunula chitsulo cha makasu ndi nkhwangwa, muli zojambula zakale pamiyala ya m'mapiri, muli ndi zizindikiro za midzi ya malinga imene anthu anabisalamo m'nthawi ya nkhondo. Chimene mlendo achitcha chipululu, mwini dziko achitcha bwinja. Wotsogolera amene athamangitsa galimoto kupitirira ng'anjo kuti akapeze gulu la njati abwezera mlendo kwawo ali ndi nzeru yopereŵera, pakuti mlendoyo adzayesa kuti anthu okhala m'mphepete mwa nkhalango ndi obwera kudzavuta nyama, pamene makolo a ambiri a iwo anachokera m'kati momwemo.

Chifukwa chachiwiri n'cholemera koposa. Chithunzi chitionetsa njovu madzulo, ikumwa madzi mwaulemu dzuwa lili kulowa, koma sichitiuza kumene ipita kukada. Njovu yaikulu idya chakudya choposa makilogalamu 100 tsiku limodzi, ndipo ikalawa chimanga, maungu ndi chinangwa siiwala njira ya kumunda. Usiku umodzi ingathe kutha chimene banja lalima miyezi isanu, ndipo ikafika pamudzi ipasula nkhokwe. M'mwezi wa Julaye 2022 njovu 263 zinatengedwa pa magalimoto kuchokera ku Liwonde kudza nazo ku Kasungu, ntchito imene nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire inagwira pamodzi ndi mabungwe a African Parks ndi IFAW. Cholinga chinali chomveka: ku Liwonde njovu zinachuluka, ku Kasungu zinachepa, ndipo nkhalango ya nyama zambiri ndiyo ikoka alendo. Zithunzi za njovu zogonekedwa ndi mankhwala, zikunyamulidwa m'mwamba ndi makina, zinafalikira maiko ambiri. Koma njovuzo zinafika mpanda wamagetsi wa mbali ya kum'mawa usanathe, ndipo mbali ya kumadzulo, ku malire a Zambia, inali yotseguka, pakuti ndiyo njira ya nyama yopita ku nkhalango ya Lukusuzi. Chitachitika ichi minda yambiri inawonongeka, ndipo anthu anaphedwa ndi njovu ku Malawi kuno ndi ku Zambia komwe. Pambuyo pake ena mwa ovutikawo anapereka dandaulo lawo kudzera mwa maloya a ku Britain, ndipo bungwe la IFAW linakana kuti ndilo lolakwa. Kuweruza mlanduwo si kwathu. Chathu n'chakuti akale anati walira mvula walira matope. Koma pano amene analira mvula ndi ena, ndipo amene aponda matope ndi ena. Mlimi wogona m'chisakasa pakati pa munda, ali ndi moto ndi chitini chogogoda, ndiye alipira mtengo waukulu wa chithunzi chija, ngakhale nkhope yake siioneka m'menemo.

Tisadziyeretse tokha, abale, pakuti zilipo zinanso zimene chithunzi chibisa, ndipo izi zitinena ife. Sichionetsa msampha wa waya umene udula mwendo wa mbidzi kapena chitamba cha mwana wa njovu. Sichionetsa uvuni wa makala, kapena minda yolowerera m'malire a nkhalango. Fodya amene alemeretsa Kasungu adya mitengo: wa fuluu afuna nkhuni zambiri zowotchera m'mabalani, ndipo wa bale afuna mitengo ya zigafa chaka ndi chaka. Belo lililonse lopita ku msika wa Chinkhoma lili ndi mitengo yake imene inagwa, ndipo mitengo ya m'midzi ikatha nkhwangwa iyang'ana kunkhalango. Nkhalango yomweyo ndiyo isunga madzi a mitsinje ya Dwangwa ndi Lingadzi. Potsutsa zithunzi za alendo sitinena kuti njovu ziphedwe kapena nkhalango igawidwe minda; tinena kuti nkhani inenedwe yonse.

Kodi ulipo ulendo wojambula nyama umene uchita chilungamo kwa eni dziko? Chitsanzo chili pafupi, kutsidya kwa malire, m'chigwa cha Luangwa. M'chaka cha 1950 Norman Carr, amene kale anali wowombera njovu zovuta m'midzi, anapangana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti ipatule gawo la dziko lake likhale losungira nyama. Anamangapo misasa ya alendo odzaona ndi kujambula, ndipo phindu lake linalowa m'thumba la ufumu wa Akunda. Pamenepo mwini dziko sanali woonerera chabe, koma mwini malonda. Ku Kasungu nakonso kunayesedwa nzeru yabwino. Kuyambira 1990 boma linalola anthu ozungulira kulowa m'nkhalango kukatola matondo pa nyengo yake ndi kupachika ming'oma ya njuchi, ndipo pambuyo pake kunakhazikitsidwa bungwe la midzi yozungulira, la KAWICCODA, kuti lizilandira gawo la ndalama zimene nkhalango ipeza. Izi n'zoyamikika. Koma alendo ofika ku Kasungu ndi ochepa powayerekeza ndi a ku Liwonde kapena ku Luangwa, ndipo gawo la ndalama zochepa likagawidwa m'midzi yambiri silibweza nkhokwe yopasulidwa. Mlimi akauzidwa kuti apirire chifukwa alendo adzachuluka m'tsogolo, sitimuda akayankha kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Tsono muyeso umene tiyesera nawo maulendo awa ndi uwu. Otsogolera alendo achokere m'midzi yozungulira, kwa Chulu, kwa Lukwa, kwa Kawamba ndi kwina, pakuti mwana wokulira m'mphepete mwa nkhalango adziwa kulira kwa mbalame ndi dzina la mtengo uliwonse, ndipo malipiro ake atsala pamudzi. Ulendo uliwonse upatule tsiku limodzi la ng'anjo, la mpanda ndi la munda, kuti mlendo amve kwa alimi eni ake. Ndipo akafuna kujambula munthu ayambe wapempha, pakuti munthu sajambulidwa monga mbawala. Ndalama zolowa pachipata ndi gawo la midzi ziwerengedwe poyera pabwalo la mfumu, kuti aliyense amve zimene zinalowa ndi kumene zinapita. Pa ndalama zimenezo papatulidwe thumba lothandiza banja limene munda wake wadyedwa kapena limene laferedwa. Inu mafumu, aphunzitsi ndi akulu a m'midzi, funsani zinthu izi pamisonkhano ya nkhalango, ndipo musachite manyazi kuzifunsa kawiri.

Chotsiriza n'cha ana athu. Ambiri a iwo obadwira pafupi ndi nkhalango aidziwa njovu monga mdani wa usiku, chinthu chakuda chothyola mapesi pamene amayi alira ndi abambo agogoda chitini. Sanakhalepo pa Lifupa masana kuona njovu yaikazi ikukankha mwana wake ndi chitamba kuti atuluke m'matope. Galimoto imene inyamula mlendo wa ku London m'chilimwe iima chabe miyezi ya dzinja, ndipo ngakhale m'chilimwe ili ndi masiku opanda ntchito. Eni maulendo apatule ena a masiku amenewo anyamule ana a sukulu za m'malire, awabwereke kamera, ajambule okha. Mwana amene waona njovu masana adzaganiza kawiri asanatche msampha, ndipo zithunzi zake zidzakhala ndi munda ndi njovu pamodzi, monga zikhalira kwawo.