Panchatantra ndi Amene Amaidula Mapiko

Pakati pa mabuku akale a dziko la India palibe lina limene layenda mtunda wautali kuposa Panchatantra, ndiko kunena mabuku asanu. Linalembedwa m'chinenero cha Sanskrit, ndipo mawu ake oyamba atiuza kuti mkulu wina, Vishnu Sharma, anapatsidwa ana atatu a mfumu Amarashakti, ana ouma mitu, kuti awaphunzitse nzeru za ufumu pa miyezi isanu ndi umodzi. Iye sanawapatse malamulo oloweza pamtima iyayi. Anawasimbira nthano za nyama.

Chimene ndifuna kudandaula pano ndicho machitidwe a okonza timabuku ta ana, amene amatola nthano imodzi imodzi m'buku limeneli, naika chilangizo chokoma kumapeto, ngati kuti Vishnu Sharma anali mphunzitsi wa Sande Sukulu. Tiyeni tione buku loyamba, la kutha kwa chibwenzi, limene lili lalitali koposa onse. Mkango Pingalaka apalana ubwenzi ndi nkhunzi Sanjivaka. Nkhandwe Damanaka, poona kuti malo ake pabwalo achepa, anong'oneza mkango kuti nkhunzi ifuna ufumu, nanong'onezanso nkhunzi kuti mkango ufuna nyama yake. Mbale wake Karataka amdzudzula, koma osaphula kanthu. Nkhunzi iphedwa, ndipo wabodzayo sakhudzidwa ndi chilango chilichonse. Kodi apa pali chilangizo chanji cha ana abwino? Mlembi anali kuonetsa ana a mfumu umo mabwalo a mafumu amayendera, kuti akadzakhala pampando adzadziwe kununkhiza kazitape. Amwenye amatcha maphunziro otere niti, nzeru ya kakhalidwe pakati pa anthu ochenjera.

Tiyenera kunena kuti kufewetsaku sikunayambe lero. Sing'anga Borzuya anatembenuzira bukuli m'chinenero cha Persia m'masiku a mfumu Khosrow I, ndipo chapafupi ndi chaka cha 750 Ibn al-Muqaffa analiika m'Chiarabu, nalitcha Kalila wa Dimna, potsata maina a nkhandwe ziwiri zija. M'Chiarabumo muli mutu woonjezera m'mene Dimna azengedwa mlandu naphedwa. Mtima wa womasulira sunalole kuti woipa apulumuke. Komabe iye anasunga msana wa nkhani yonse, pamene a timabuku aja amathyola ndi msana womwe.

Pakuti luso lalikulu la Panchatantra lili m'kulukana kwa nthano zake. Nyama imodzi iponya mwambi, inzake ifunsa kuti zinakhala bwanji, ndipo nthano yatsopano ibadwa m'mimba mwa yoyamba. Tsono nthano ya kalulu amene anagwetsa mkango m'chitsime pouonetsa chithunzithunzi chake m'madzi imasimbidwa ndi Damanaka mwini, pofuna kutsimikiza kuti wamng'ono wochenjera atha kugwetsa wamkulu. Ukaichotsa pakamwa pake, isanduka nthano yosekeretsa chabe. Ukaisiya pomwepo, womvera ayamba kukayika ngati kuchenjera kwa kalulu kuli koyera monga anaganizira. Arthur Ryder, amene mu 1925 anamasulira m'Chingerezi Panchatantra ya Purnabhadra ya chaka cha 1199, anasunga kulukanaku, ngakhale ndakatulo zake zina zimapepuka kuposa muyeso.

Pali chinanso. Theodor Benfey mu 1859 anaphunzitsa kuti nthano zambiri za m'maiko zinachokera ku India. Inde zina zinawolokadi nyanja: pusi amene anapulumuka kwa ng'ona ponama kuti mtima wake anausiya mumtengo apezekanso m'nthano za Chiswahili zimene Edward Steere anasindikiza mu 1870, kumeneko mdani wake ali shaki. Koma kunena kuti Kalulu wathu ndi mlendo wa ku India ndiko kulumpha mtsinje usanauone. Mphunzitsi amene ayala nthano ziwirizo pamodzi m'kalasi afunse ana ake chimene wosimba wa ku Zanzibar anasintha, ndi chifukwa chake anachisintha.