Buku la Nkhalamba Imene Inatsata Linga la Aroma

Mwezi uno tafuna kuika pa muyeso buku lina lakale, limene William Hutton, wogulitsa mabuku wa ku Birmingham m'dziko la England, analiturutsa caka ca 1802. Dzina lace ndi The History of the Roman Wall, ndiko kunena kuti mbiri ya linga la Aroma.

Linga limeneli liri kumpoto kwa England, ndipo lidutsa dziko kucokera ku Wallsend pa mtsinje wa Tyne kufikira ku Bowness m'mbali mwa Solway, mailosi 73. Analimanga asilikari a Aroma, mtundu womwe uja timawerenga za iwo m'Macitidwe. Hutton anali wa zaka 77 pamene ananyamuka kwao m'mwezi wa July 1801, atabvala zakuda, atanyamula ambulera ndi kabotolo ka inki. Mwana wace wamkazi Catherine anamperekeza pa kavalo kufikira ku Penrith, koma mkuluyo anangoyenda pansi. Anatsata linga lonse kumuka ndi kubwera, nafikanso kwao atatha masiku 35, atayenda mailosi 601.

Ubwino wa bukuli uli m'mapazi a mwini wace. Ambiri analemba za lingali ali khale m'nyumba, natengerana mau wina kwa mnzace. Koma uyu anapita, nayesa miyala, nalemba cimene maso ace anapenya tsiku lomwelo. Kumadzulo kwa Newcastle anayenda pa mseu umene Boma linaulambula itatha nkhondo ya 1745, umene unamangidwa pamwamba pa maziko a linga, kotero kuti cimene anadzera cinali pansi pa nsapato zace. Ndipo pa Planetrees anapeza anchito alikugumula linga kuti amangire nyumba ya mwini munda. Panali mayadi 224, koma 95 anali atapasula kale. Popeza mwiniyo sanamuone, anatuma wanchito akamuuze kuti aleke. Tsamba ili talikonda koposa onse, pakuti pano wolemba aiwala kudzionetsa, nalankhula ngati munthu woona manda a makolo alikufukulidwa.

Koma sitingabise colakwa cace, ndipo n'cacikuru. Hutton anati linga la miyala analimanga Kaisara Severus, amene anamwalira ku York caka ca 211, ndi kuti Agricola ndi Hadrian anangokumba mcera ndi kuunda mitumbira ya dothi imene iri kumwera kwace. Izi sanazipeze pa ulendo. Anacoka nazo ku Birmingham, atazitola kwa olemba akale, nabwera nazo zosasintha. Caka ca 1840 m'busa wina, John Hodgson, anasonyeza kuti nchito yonse inali ya Hadrian, amene anafika ku Britain caka ca 122, ndipo mboni zace zinali miyala yolembedwa ya pa timalinga ta alonda, yochula dzina la Hadrian ndi la kazembe wace Platorius Nepos. Tsono tiona kuti munthu akhoza kutha nsapato pa njira, maso ali tcheru pa ziri zonse zazing'ono, koma osafunsa konse ngati cimene anamphunzitsa ciri coona. Ife aphunzitsi tidziwa nthenda iyi, pakuti siiri ya ana a sukulu okha.

Ena amdzudzulanso kuti acurukitsa nkhani za nyumba za alendo, za kama wobvuta kupeza, ndi za kudya kwa oyendetsa magareta amene anakomana nao. Ife sitibvomera mlandu uwu. Mbiri yace ya Aroma yatha nchito, koma anthu a mu 1801 amene anawaona m'njira akali amoyo m'bukumo, ndipo ndiwo amene aticititsa kutembenuza tsamba.

Caka ca 1987 lingali linalembedwa m'gulu la malo osungidwira dziko lonse lapansi, ndipo mu 2003 anatsegula njira ya oyenda pansi ya mailosi 84, imene ambiri amaitsiriza pa sabata limodzi. Njirayo ipita pa Planetrees, pamene cigawo cacifupi ca linga cikali ciriri m'munda, ndipo anthu amati ndico cimene anacileka ogumula aja atamva pempho la nkhalambayo.